Pamene panali mtengo wa mango

Ndinatsika sitima pa Limbe mu 1966, chaka chomwe Blantyre anayamba kutchedwa mzinda. M'manja ndinali ndi bulangete, kabudula wosinthira ndi kalata ya malume anga yopita kwa mbale wawo wa ku Ndirande. Kalembera wa chaka chimenecho anapeza anthu pafupifupi 110,000 mu Blantyre monse. Wa 2018 anapeza oposa 800,000. Mapiri ndi omwe aja, Ndirande, Soche, Michiru, ndipo palibe limene linasendera kuti lipereke malo. Takhala tikungothinana pakati pawo, ndipo mkangano umene ndikufuna kusimba, wa puloti yaing'ono ya kumtunda kwa nyumba yanga, gwero lake ndi lomwelo.

Mbale wa malume uja sanandisunge nthawi yaitali, poti nayenso anali ndi ana asanu m'zipinda ziwiri. Anandipezera malo pa mdadada wa mayi wina wachikulire wa ku Chiradzulu, kufupi ndi mtsinje wa Nasolo. Zitseko zinali zisanu ndi chimodzi, makoma a zidina, chimbudzi chokumba chimodzi ndi bafa ya udzu imodzi ya tonse. M'chipinda chathu tinkagona anyamata anayi pa mphasa ziwiri. Lendi tinkalipira mashilingi, kwacha inadzabwera mu 1971. Kuti upeze bafa ilibe munthu unkayenera kulawirira tambala woyamba, ndipo m'nyengo ya chiperoni madzi a m'ndowa ankachita kuluma. Koma mayi uja sanatiyang'anepo ndi diso lokayikira. Mwezi wina nditagwa ndi malungo, osapita kuganyu, anandiphikira phala masiku anayi, ndipo nditayamba kudandaula za lendi anangoti, "Mwananga, yamba wachira kaye."

Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itatsegulidwa ku Makata mu 1967, ndinapeza ntchito kumeneko. Lamulungu masana tinkavala zochapa n'kuyenda wapansi kukaona kumayadi: ku Nyambadwe, ku Namiwawa, ku Sunnyside. Kumeneko banja limodzi linkakhala pa malo aakulu ngati munda wa agogo anga, kapinga wometa bwino, wantchito ali kuseri m'kanyumba kake. Mzindawu atsamunda anauyala motero, azungu kumitunda ya mphepo yabwino, amwenye kufupi ndi masitolo awo, ife kunja kwa malire. Tinkangoyang'ana pa mpanda n'kumabwerera kwathu kuphiri.

Bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ndi limene linamanga nyumba zambiri za ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza, Chinyonga ndi madera ena. Nditakwatira komanso kukwezedwa pantchito, mwayi unandigwera wa nyumba ya ku Nkolokosa. Tsiku lolowa sindidzaliiwala. Mayi a kunyumba sanayambe ndi kuona zipinda. Anazungulira kuseri, anatsegula mpopi, madzi n'kutuluka, anautseka, anautsegulanso. Kenako anayenda kuchokera pakhomo la kukhitchini mpaka kumalire akuwerenga mapazi, ndipo atafika anatembenuka n'kunena kuti, "Apa nkhwani, apo mpiru, uko chingwe cha zovala." Munthu wochokera pa mdadada, kupatsidwa dothi loti ndi lako kulisamala, mtima umachita kugunda.

Kumtunda kwathu kunalowa aphunzitsi ena a ku Thyolo ndi banja lawo. Chaka chimodzi chomwecho iwo anabzala mango wa boloma pakona ya puloti yawo, ine ndinabzala peyala pakona ya yanga. Malire athu anali maluwa ofika m'chiuno, ndipo ana anaboola njira pakati pake imene sitinaitsekepo. Mango uja anakula msanga kuposa peyala wanga, nthambi zake n'kudutsa malire, moti kunali kovuta kunena kuti mthunziwo ndi wa ndani. Pansi pake ndi pamene tinkasewera bawo Loweruka. Pamenepo ankhoswe anakambirana za ukwati wa mwana wanga wamkazi woyamba. Mayi anga atamwalira ali kwathu kuno, nyumba ya siwa inali yanga, koma amuna anachezera pamoto pansi pa mango wa aphunzitsi, ndipo palibe amene anapita kukapempha chilolezo. Zinkangodziwika.

Zaka zinapita. Tinagula nyumba zathuzo. Ndipo apa ndinene chilungamo, chifukwa anzanga ambiri akamasimba nkhaniyi amapadumpha: kuthinana sikunayambe ndi mafulati. Tinayamba ndife. Pafupifupi aliyense pamsewu wathu anamanga boyizikota kuseri. Inenso nditapuma pantchito ndinamanga zipinda ziwiri pamene panali mpiru paja, ndipo lendi yake ndi imene yakhala ikugula mankhwala a mayi a kunyumba. Ofuna malo sasowa. Ana a ku Poly, imene tsopano akuitcha MUBAS, ana a ku koleji ya zaudokotala, anamwino a ku Queens, anyamata ogwira ntchito ku Ginnery Corner ndi ku Chichiri, onsewa amafuna pogona poti angathe kuyenda wapansi kapena kukwera minibasi imodzi yokha. Sipatha sabata popanda wina kugogoda pageti kufunsa ngati pali chipinda.

Aphunzitsi atatisiya, akazi awo anabwerera kwawo ku Thyolo. Ana anali atabalalika kale, wina ku Lilongwe, wina ku Joni. Nyumba inakhala ya lendi zaka zingapo, kenako tinangomva kuti yagulitsidwa. Wogulayo sitinamuone. Tinaona malole a mchenga ndi miyala, ndi anyamata a nyundo amene anagwetsa nyumba ija m'masiku anayi okha. Ndinapita kukalonjera folomani, ndipo iye, mosabisa, ananditambasulira pepala pa bonati ya galimoto. Nyumba yosanja katatu. Mafulati anayi pansi, anayi pakati, anayi pamwamba. Khoma lake linali loti lidzaima pafupi kwambiri ndi malire, moti munthu atatambasula dzanja pawindo akanatha kuthyola peyala wanga. Malo otsala kutsogolo anali oimikapo magalimoto, onse othira simenti. Ndinafunsa za mango. Anaika chala pa pepalapo, pamene panalembedwa masitepe.

Mabanja khumi ndi awiri pa malo amene pankakhala banja limodzi la anthu asanu ndi awiri. Usiku umenewo sindinagone.

Msonkhano unachitikira pakhonde panga, poti ndinali wamkulu kuposa onse pamsewupo. A mfumu a dera lathu anabwera, ndi eni nyumba oposa makumi awiri. Zimene anthu ananena poyamba zinali zomveka, ndipo mpaka lero ndimaziimira. Paipi ya suweji ya mzere wathu inaikidwa kalekale poganizira khomo limodzi pa puloti iliyonse, ndipo ndi maboyizikota athu aja inali itayamba kale kutsekeka. Nanga zimbudzi khumi ndi ziwiri zikawonjezekapo? Madzi akumwa nawonso. Ambiri mwa madzi a mzinda uno amachokera kutali ku Shire, pa Walker's Ferry, n'kuwapopa kukwera mtunda kudzera ku Chileka, ndiye akafika kuno kumitunda amakhala atatopa kale. Munthu akaika mathanki aakulu ndi pampu kumtunda kwa mzere, a kumunsi mpopi umangolira mphepo. Bambo wina amene anagwirapo ntchito ya misewu anafotokoza za mvula: dothi limamwa madzi, simenti simwa, ndiye madzi onse a padenga ndi pabwalo la mafulatiwo adzafuna kolowera, ndipo kolowera kwake n'kumunsi, kwa ine. Amayi anadandaula za mawindo a pamwamba oyang'ana kuseri kwa nyumba zathu, kumene amachapa, kuphika ndi kukhala momasuka atamanga chitenje chokha. Zimenezi wina angazione zazing'ono, koma mkazi amene wakhala zaka makumi anayi kuseri kwa nyumba yake popanda diso la mlendo amadziwa kulemera kwake.

Kenako mayi wina anaimirira n'kunena zina. "Nanga obwerawo tidzawadziwa bwanji? Anthu a lendi alibe nazo ntchito za dera. Mudzaona chamba, mudzaona atsikana oyendayenda, zovala zidzayamba kusowa pachingwe." Anthu anawomba m'manja kuposa mmene anawombera pa nkhani ya suweji. Mnyamata amene ankalemba pa kompyuta anaziika m'kalata yathu yodandaula ngati ndime yomaliza, yonena kuti mafulatiwo adzabweretsa anthu osadziwika ndi amakhalidwe oipa. Kalata itasindikizidwa anandipatsa ine kuti ndiyambe kusaina. Ndinaiwerenga yonse. Ndimeyo ndinaiona, ndipo nkhope ya mayi wa ku Chiradzulu uja inandibwerera, ndi mbale yake ya phala. Ndikanatha kunena kuti tifufute. Ndinaopa kugawa anthu pa tsiku limene tinafunika kukhala amodzi, ndipo ndinasaina.

Lamulo lilipo. Kuyambira pa la 1988 la Town and Country Planning Act mpaka la 2016 la Physical Planning Act limene linalowa m'malo mwake, munthu samangodzuka n'kumanga mumzinda. Pulani imayenera kuonedwa ndi kuvomerezedwa ndi komiti yoona za mapulani. Tinapita anthu anayi kukatula kalata yathu ku ofesi yoyenera. Anatilandira, anatimvera, ndipo patapita masabata angapo kunabwera anthu ndi tepi kudzayeza. Ntchito inaima. Kwa miyezi iwiri pamalopo panali maenje a maziko okhaokha, odzaza madzi ndi achule, mango ali chiimire pakona pake.

Ndi nthawi imeneyo pamene mwini wake anaonekera. Ndinkayembekezera munthu wamimba ndi wamwano. Anabwera bambo wa zaka za mwana wanga wachiwiri, anagogoda pageti, anapereka moni ndi manja awiri, ndipo anakana mpando mpaka nditamukakamiza. Anati, "Bambo, ndabwera kuti timvane. Ine ndatenga ngongole kubanki. Puloti yokhayi yandidyera ndalama zoti nyumba imodzi singabweze ngakhale nditaichititsa lendi mpaka kukalamba." Ndinamuyankha kuti, "Mwananga, sindikukuletsani kumanga. Koma tandiuzani, madzi a padenga panu adzapita kuti?" Anakhala chete, n'kuyang'ana kumtunda, n'kuyang'ana kumunsi. Zinaoneka kuti funsoli linali lisanamufikepo. Anavomera kuti akumba ngalande. Tinakambirana za mawindo, za paipi, ndipo za mango anapukusa mutu, nati malo sakulola.

Ponyamuka anaima pageti n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kalata yanu ija ndinaiona. Zambiri ndazimva. Koma poti ndibweretsa akuba paja pandipweteka, bambo. Ine ndinakulira m'chipinda cha lendi ku Bangwe, tili asanu ndi mmodzi ndi mayi anga." Ndinasowa choyankha. Ndinangomuperekeza mpaka pamsewu.

Mapeto ake pulani inasintha. Inakhala nyumba yosanja kawiri, mafulati asanu ndi atatu, ndipo khoma linasendera pang'ono kuchoka pamalire. Anzanga ena anati tapambana, ena anati tagulitsidwa. Mango anadulidwa mu Novembala, atabereka mochititsa chidwi chaka chimenecho, zipatso zisanapse. Anabwera anyamata awiri ndi makina ocheka. Anayamba ndi nthambi ya kumbali kwanga, imene ana anga ankamangapo katungwe, ndipo pamene inagwa panali chipsera cha chingwe chikuonekabe pa khungwa. Ana a pamsewu anathamangira kudzatola mango aawisi m'malaya, ena atatenga kale mchere m'manja. Thunthu linatenga nthawi. Litagwa, kuseri kwa nyumba yanga kunawala mwachilendo, ngati munthu wakuvula chipewa pagulu. Chitsa anachiotcha ndi matayala masiku atatu. Mayi a kunyumba sanatuluke m'nyumba masiku onsewo.

Zimene tinkaopa zija, zina zinachitikadi. Ngalande inakumbidwa theka, ndalama zitathera ku malata ndi matailosi. Mvula yoyamba yamphamvu, madzi anatsika pa simenti paja ngati mtsinje, anagwetsa mbali ya mpanda wanga ndi kukokolola dimba lonse, nkhwani n'kukapezeka pamsewu wa kumunsi. Mwini wake anadzakonza, koma nditalemba makalata awiri. Suweji inasefukira kawiri pa chivindikiro cha pakona, ndipo kachiwiriko kanali m'nyengo ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale. Tinkathira kolorini paliponse, adzukulu osawalola kutuluka. Pa zimenezi sindipepesa kwa munthu. Tinanena zoona, ndipo tikanapanda kulankhula zikanaipa kuposa apa.

Koma za ndime yomaliza ija palibe chimene chinachitika. Analowa namwino wina amene mpaka lero amatsika kudzayeza mayi a kunyumba kuthamanga kwa magazi, osalandira kanthu. Analowa ana asukulu anayi ogawana fulati imodzi, amene nyali yawo imayaka mpaka usiku pakati. Mmodzi yekha anali wa wailesi yaphokoso, ndipo a mfumu atamulankhula anatsitsa. Malaya anga sanasowepo pachingwe. Chimene ndinaona n'chakuti iwonso nyumbayo imawavuta. Madzi akasiya ndi mathanki akauma, atsikana amakwera masitepe ndi zigubu pamutu. Magetsi akathima, mbaula zimayaka pakhonde la pamwamba, utsi n'kumalowa m'mawindo a anzawo. Zovala amayanika pa zitsulo za khonde. Ana awo amasewera pakati pa magalimoto, chifukwa womanga sanasiye ngakhale kachigawo ka dothi koti mwana akumbepo kadzenje.

Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Mvula inagwa masiku osaleka, ndipo phiri la Soche linagumukira anthu a ku Chilobwe, matope ndi miyala kukwirira nyumba ndi eni ake omwe. Ine phiri limenelo ndinaliona lili ndi mitengo mpaka m'munsi, tikumamva anyani. Ndaona nyumba zikukwera chaka ndi chaka, mzere pamwamba pa mzere, kufika pamalo poti ngakhale mbuzi imayenda mosamala. Masiku a maliro amenewo ndinkaganiza za mafulati anayi amene tinachotsa pa pulani ija. Ndikudziwa kuti amene anafera kuphiri sakanakwanitsa lendi ya pamenepa. Koma pogona mumzinda muno pali ngati mzere wa pachigayo: wosowa fulati amatenga boyizikota, amene akanalowa m'boyizikotamo amapita pa mdadada, ndipo wa pa mdadada, wopanda mphamvu kuposa onse, ndi amene amakankhidwira kuphiri. Ine amene ndinayambira pa mdadada ndinayenera kuzidziwa zimenezi msonkhano uja usanayambe. Nkhawa yanga ndi iyi: mzinda uyenera kukwera m'mwamba, poti m'mbali mwatha, koma ukukwera puloti imodziimodzi, aliyense payekha, pa mapaipi ndi ngalande za nthawi ya Kamuzu, ndipo oyandikana nawo amadziwira pa lole ya mchenga.

Chaka chathachi banja lina laling'ono la pamwamba linataya mwana wa zaka ziwiri. Tinamva kulira madzulo. Kutayamba kuda, bambo wa mwanayo anatsika, anaima pageti panga, osagogoda. Nditatuluka anagwada pansi pomwepo. "Agogo," anatero, "abale akubwera kuchokera ku Mulanje, a mpingo akubweranso. Kwathuku kulibe poti anthu akhale. Masitepe ndi opapatiza, ngakhale bokosi..." Sanamalize. Ndisanayankhe ndinamva mayi a kunyumba akukoka mipando pabalaza, akuitana adzukulu kuti atulutse tebulo ndi kuyala mphasa.

Siwa inakhala m'nyumba mwanga. Amayi anadzaza pabalaza mpaka kukhitchini, akuimba usiku wonse. Amuna tinasonkha moto pansi pa peyala, poti ndi mtengo wokhawo waukulu umene watsala mbali ino ya msewu. Eni nyumba amene anasaina kalata ija anabwera pafupifupi onse, aliyense ndi chipepeso chake, ndipo a mfumu analemba m'kope monga mwa nthawi zonse. Mayi uja amene ananena za chamba ndi zovala zosowa ndi amene anagwira mthiko pa mphika waukulu wa nsima, kuyambira m'bandakucha. Ana asukulu aja anatunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Usiku pakati ndinakweza maso kuyang'ana nyumba ija, mawindo onse ali mdima, anthu ake onse ali pabwalo panga. Pamene panayaka moto paja udzu sunamerebe bwino.

Ana anga ayamba kundifunsa, mozungulira, zimene ndikufuna kuti zidzachitike ndi puloti ino. Ndawauza kuti adzamange zimene angathe, ngakhale zosanja, koma muyeso adzayambire pa peyala, asiye mapazi khumi mbali zonse, ndipo ngalande idzayambe kukumbidwa maziko asanayambe. Wamkulu analemba zimenezi pafoni yake.

Mwezi watha lole inatsitsa mchenga pa puloti yachitatu kumunsi kwathu, imene eni ake anasamukira ku Lilongwe. Lachiwiri madzulo mnansi wina anabwera ndi pepala ndi cholembera, nati, "Madala, muyambe ndinu monga kale." Ndinamuuza kuti alisiye, ndifune magalasi, ndiliwerenge ndime ndi ndime, ndipo adzabwere Lachinayi pamodzi ndi namwino uja ndi mmodzi wa ana asukulu a pamwamba, poti paipi imene ikukambidwayo nawonso ndi yawo.